Za Ulemu Woyenera Mbendera ya Dziko Lathu

Mau amene Mlembi wa Nthambi anayankhula pa msonkhano wa mamembala ku Malosa

 Tikuthokoza makamaka iwo amene achokera kutali, ena ku Songani, ena kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, ena m'tsinde mwa phiri lathu la Malosa, amene asiya makasu ao kuti adzamve mau a Nthambi.

Nkhani imene tabwera nayo lero yatichititsa manyazi ife eni ake a komiti, chotero tiyamba ndi kudziulula tokha. Pa msonkhano wathu wa mwezi watha, umene ambiri a inu munalipo, tinasowa nsaru yoyala pa tebulo la alendo. Mmodzi wa ife anathamangira ku bokosi, natenga mbendera ya dziko, naiyala patebulopo. Tinaikapo mabotolo a zakumwa, mbale ya mtedza ndi buku la maina. Msonkhano utatha, mnyamata wina anaimangirira kumbuyo kwa njinga napita nayo kumsika, mbali ina iri kukwekwereka m'fumbi. Tonse tinaona, ndipo panalibe wonena kanthu. Koma m'mawa mwache gogo wina wa konkuno anatiimitsa panjira tikupita kusukulu, natifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi nsaru ija munadyerapo mtedza dzulo mukuidziwa? Bambo anga anawatenga usiku m'chaka cha 1959, ine ndiri kamtsikana, chifukwa chofuna kuti dziko lino likhale ndi mbendera yache-yache."

Tinalibe choyankha. Ife amene timaimika ana pamzere m'mawa uli wonse ndi kuwauza kuti aime chiriri pamene mbendera iri kukwera, ndife omwe tinaiyesa nsaru ya patebulo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ife sitinafunse, ndipo phulalo talidya. Tsono tapempha a Pampando kuti atilole tikumbutsane lero zinthu zitatu: chimene mbendera iri, mwini wache ndani, ndi m'mene munthu ayenera kuigwirira.

Tiyambe ndi chimene mbendera iri. Iri ndi mizere itatu yopingasa. Pamwamba pali mzere wakuda, umene uimira anthu a mu Afrika. Pakati pali mzere wofiira, umene uimira mwazi wa iwo amene anafa pomenyera ufulu. Pansi pali mzere wobiriwira, umene uimira nthaka yathu ndi zomera zache. Pa mzere wakudawo pali dzuwa lofiira lotuluka kumene, lokhala ndi cheza cha mizere 31, ndipo dzuwalo liimira kucha kwa ufulu ndi chiyembekezo.

Mzere wofiirawo tisaupitirire msanga, pakuti mwazi umene tikunenawu ndi mwazi weni-weni wa anthu okhala ndi maina ndi midzi yao. Mu Januwale 1915 Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, anaukira thangata ndi nkhanza za atsamunda, ndipo iye ndi omutsatira ambiri anaphedwa. M'chaka cha 1953 dziko lino linalowetsedwa m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anthu ndi mafumu atakana. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage, amene anali kukhala pa Zomba pompa, analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress agwidwe. Dr. Kamuzu Banda anamtengera ku ndende ya Gwelo, ena ku Khami, ena anawatsekera pa Kanjedza ku Limbe. Tsiku lomwelo ku Nkhata Bay asilikali anaombera khamu la anthu amene anasonkhana padoko pofuna abale ao amene anali atawakweza m'sitima ya Mpasa. Bungwe lofufuza limene linatsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linapeza kuti anthu akuda 51 anaphedwa m'chipwirikiticho. N'chifukwa chache tsiku la 3 Malichi timapuma nchito ndi kukumbukira ofera dziko.

Chitaganya chinatha pa 31 Disembala 1963. Ndipo pakati pa usiku wochezera pa 6 Julayi 1964, pa bwalo lalikulu la masewero ku Blantyre, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa Prince Philip, mwamuna wa Mfumukazi, ali pomwepo, ndipo mbendera yathu inakwera koyamba. Anthu amene anaona usiku umenewo alipo ena mpaka lero m'midzi mwathu, ngakhale atsala owerengeka.

Ife a m'chigwa cha Domasi tisaganize kuti nkhani imeneyi ndi ya anthu a ku Blantyre ndi ku Nkhata Bay okha. Turutsani ndalama ya K100 m'thumba mwanu muyang'ane nkhope iri pamenepo. Ameneyo ndi James Frederick Sangala, mwana wa m'boma lino la Zomba, amene anaphunzitsapo ana pa Domasi asanapite kukagwira nchito zina, nakhala mmodzi wa oyambitsa Congress m'chaka cha 1944. Zomba ndiye anali likulu la dziko kufikira 1975, ndipo makolo athu anaona ndi maso ao mbendera ya eni ache ikuuluka pa maofesi a Boma m'dziko la makolo ao. Amadziwa kuwawa kwache. Ife tinabadwa mbendera yathu iri m'mwamba kale, chotero timaiona ngati mtengo wa mango umene tinaupeza pakhomo, osadziwa amene anaubzala.

Tsopano tibwere ku funso lachiwiri: mwini wa mbendera ndani? Pano pali kusamvetsa kwa mitundu iwiri, ndipo konse tinakumvapo pakati pathu. Ena amati, popeza mitundu yache inatengedwa ku mbendera ya Malawi Congress Party, ndiye kuti mbenderayi ndi ya chipani chimenecho, ndipo amene sali a chipanicho asavutike nayo. Ena amati mbendera ndi ya chipani chiri chonse chimene chiri m'boma pa nthawiyo. Onsewa alakwa. N'zoona kuti mitundu itatuyo inachokera ku chipani chimene chinatsogolera dziko polandira ufulu, koma kuyambira usiku uja wa 1964 mbenderayo inasanduka ya mtundu wonse. Pamene anthu anavotera zipani zambiri pa 14 Juni 1993, ndipo boma linasintha pa chisankho cha 17 Meyi 1994, mbendera sinasinthe. Boma latsopano linaisunga, pakuti linadziwa kuti siinali ya amene anatuluka.

Tiri nacho chitsanzo china chimene ambiri a ife tikuchikumbukira bwino. Pa 29 Julayi 2010, m'nthawi ya Pulezidenti Bingu wa Mutharika, mbendera inasinthidwa. Mzere wofiira unapita pamwamba, wakuda pakati, ndipo m'malo mwa dzuwa lofiira lotuluka anaikapo dzuwa loyera lathunthu pakati-kati. Chifukwa chimene chinaperekedwa chinali chakuti dziko latukuka, ndipo dzuwa silingakhale likutulukabe zaka zonsezi. Anthu ambiri, mipingo ndi mabungwe, anadandaula kuti sanafunsidwe mokwanira. Mbendera imeneyo siinathe zaka ziwiri. Pa 28 Meyi 2012, m'nthawi ya Pulezidenti Joyce Banda, Nyumba ya Malamulo inavomereza kubwezeretsa mbendera ya 1964, ndipo ndiyo tiri nayo. Sitikunena izi pofuna kunyoza wina kapena kutamanda wina. Phunziro lache ndi ili: mbendera ikayamba kuoneka ngati chuma cha gulu limodzi, anthu ena onse amaifulatira, ndipo imaleka kugwira nchito yache yotisonkhanitsa.

Taganizani za kuno kwathu. Pali a mpingo wa Anglican, pali a CCAP, pali Akatolika, pali Asilamu. Pali Ayao, Anyanja, Alomwe ndi ena obwera kudzagwira nchito pachipatala ndi pasukulu. Pa chisankho timavota mosiyana, ngakhale m'nyumba imodzi. Nsaru ya chipani chathu imatisiyanitsa ndi mnansi wathu, ndipo palibe cholakwa pamenepo, pakuti ndiwo ufulu umene tinaufuna. Koma mbendera ya dziko ndi chinthu chimodzi chimene mnansiyo ndi ife tiri nacho pamodzi. Tikaiyala patebulo la msonkhano wathu, tanyoza chinthu cha mnansi wathu, cha ana ache, ndi cha gogo uja anatiimitsa panjira.

Tsono timve m'mene mbendera iyenera kugwiridwira. Lamulo loteteza mbendera ndi zizindikiro za dziko linakhazikitsidwa m'chaka cha 1967, ndipo limaletsa kunyoza mbendera kapena kuichitira chipongwe. Koma zambiri zimene titi tinene pano ndi mwambo umene maiko ambiri amatsata, umenenso timaphunzitsa ana kusukulu.

Choyamba, wakuda pamwamba. Musanamange chingwe, yang'anani kuti mzere wakuda wokhala ndi dzuwa uli kumwamba ndipo wobiriwira uli pansi. Mbendera yozondoka ndi chipongwe, ngakhale wozondotsayo sanafune. Chenjeraninso ndi mbendera zija za 2010 za dzuwa loyera, zimene zina zikali m'mabokosi. Imeneyo siiri mbendera ya dziko tsopano, ndipo siiyenera kukwezedwa.

Chachiwiri, mbendera isakhudze pansi. Poikweza ndi poitsitsa pakhale anthu awiri, wina wogwira chingwe, wina wolandira nsaru m'manja. Munthu mmodzi sangathe zonse ziwiri, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Chachitatu, mbendera ikwere m'mawa dzuwa litatuluka, ndi kutsika madzulo dzuwa lisanalowe. Pokweza, kokani mwamphamvu ifike msanga pamwamba peni-peni pa mlongoti. Potsitsa, tsitsani pang'ono-pang'ono mwaulemu. Isagone panja usiku mumdima, ndipo mvula yamkuntho ikamabwera ndi bwino kuitsitsa. Mbendera zambiri zimene timaziona zitang'ambika zinang'ambika chifukwa cha ulesi wa amene anazisiya pamlongoti mwezi wathunthu, dzuwa ndi mvula zikusinthana.

Chachinai, pamene mbendera iri kukwera kapena kutsika, kapena pamene nyimbo ya fuko iri kuimbidwa, ali yense aime chiriri, ayang'ane kumene kuli mbendera, aleke kuyankhula. Abambo avule zipewa, koma kofia ya chipembedzo ndi duku la amai sizivulidwa. Amene ali pa njinga atsike. Lamya ikhale m'thumba. Okalamba ndi odwala amene sangathe kuima akhale chete pamene alipo, ndipo umenewo ndi ulemu wokwanira.

Chachisanu, mbendera ya dziko ndiyo ikhale patsogolo pa mbendera zina zonse. Apa ndi pamene ife a Nthambi tiyenera kumvetsetsa. Ngati pa msonkhano pali mbendera ya chipani ndi ya dziko, ya dziko ikwere poyamba ndi kutsika pomaliza. Ya chipani isakhale pamwamba pa ya dziko, isaipose kukula, ndipo ziwirizi zisamangidwe pa chingwe chimodzi. Ya dziko ikhale ku dzanja lamanja la woyankhula pamene wayang'ana anthu. Chipani ndi mwana, dziko ndi kholo, ndipo mwana sakhala pampando kholo liri pamphasa.

Chachisanu ndi chimodzi, mbendera si nsaru ya nchito. Siiyalidwa patebulo, siikhalidwa, siifunditsidwa pa katundu wa pa lole, siiberekera mwana. Siilembedwa mau kapena dzina la munthu wofuna mavoti, ndipo siisokereredwa chizindikiro cha chipani. Anyamata okonda mpira, timu ya dziko ikamasewera ikupizeni mbendera m'mwamba ndi chimwemwe chonse, koma mpira ukatha musaikhalire, musapukutire thukuta, ndipo timu ikagonja musaitaye m'ngalande.

Chachisanu ndi chiwiri, mukaitsitsa ipindeni bwino-bwino anthu awiri, muiike pouma, m'bokosi lotsekeka mmene makoswe ndi chiswe sizingafike. Ikada, ichapeni payokha ndi kuiyanika pachingwe. Musaiyanike pa udzu kapena pa mwala monga timachitira ndi zovala kumtsinje.

Pali chinthu china chimene ambiri timalakwitsa, ndicho kuika mbendera pakati pa mlongoti pa nthawi ya maliro a dziko. Tinaona zimenezi mu Malichi 2023, pamene Boma linalengeza masiku 14 olira anthu amene anafa ndi namondwe wa Freddy, ndiponso mu Juni 2024, pamene linalengeza masiku 21 olira Wachiwiri kwa Pulezidenti Saulos Chilima ndi anzache amene anafa pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa. Mwambo wache ndi uwu: muyambe mwaikweza kufika pamwamba peni-peni, muime pang'ono, kenaka muitsitse kufika pakati. Madzulo muikwezenso kufika pamwamba musanaitsitse. Dziwaninso kuti wolamula zimenezi ndi Boma lokha. Mmodzi wa ife akamwalira timlire monga mwa mwambo wathu, timfunditse nsaru ya chipani ngati abale ache alola, koma tisatsitse mbendera ya dziko kapena kufunditsa nayo bokosi mwa ife tokha. Ulemu umenewo amapereka ndi Boma kwa iwo amene liwasankha, ndipo ngakhale pamenepo mbendera siilowa m'manda. Amaichotsa ndi kuipinda bokosi lisanatsike.

Nanga mbendera ikatha? Nsaru iri yonse imatha. Ikangosomoka pang'ono m'mphepete, pitani nayo kwa telala aisoke isanakule. Koma ikasuluka kotero kuti chakuda chaoneka chotuwa, kapena ikang'ambika kosasokeka, isakwezedwenso. Isaperekedwe kwa ana kuti apangire mpira, isasanduke chikolopa, isakaikidwe m'munda wa mpunga kuti iziopseza mbalame. Mwambo wa maiko ambiri ndi wakuti aitenthe paokha anthu owerengeka, mwaulemu, kopanda phokoso, ndi kukwirira phulusa lache. Musaitenthe pagulu, pakuti wodutsa angayese kuti mukuinyoza. Mako ndi mako usamuone kuchepa mwendo. Mbendera ngakhale yakalamba ikali mbendera kufikira itaikidwa bwino.

Tisanamalize, pali chenjezo limene tiyenera kulinena poyera, makamaka kwa inu anyamata. Zimene taphunzira lero zisasanduke chikwapu. Dziko lino linaona kale zimene zimachitika pamene kukonda dziko kwasanduka kukakamiza. A Mboni za Yehova analetsedwa m'chaka cha 1967 atakana kugula makadi a chipani, ndipo ambiri anamenyedwa, nyumba zao zinatenthedwa, nathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachotsedwa m'chaka cha 1993. Zimenezo zisadzachitikenso, ndipo zisadzayambire m'Nthambi yathu. Mukaona munthu sanaime pamene mbendera ikukwera, mwina sakudziwa, mwina akudwala, mwina chikhulupiriro chache sichimlola. Ngati sakudziwa, muuzeni mofatsa monga gogo uja anatiuzira ife. Ngati ndi chikhulupiriro, msiyeni. Anthu amene mwazi wao uli pa mzere wofiira anafera ufulu, ndipo womenya mnzache m'dzina la mbendera wainyoza koposa ife amene tinadyerapo mtedza.

Pomaliza, komiti yagwirizana zinthu zinai, ndipo tikupempha msonkhano uno kuti uzivomereze. Choyamba, mbendera imene inakwekwereka ija yachapidwa, koma yang'ambika pakona, chotero tipereke kangachepe kwa Msungichuma kuti tigule yatsopano. Komiti ndiyo iyambe kupereka, popeza ndiyo inalakwa. Chachiwiri, tisankhe anthu awiri, mai mmodzi ndi bambo mmodzi, akhale osunga mbendera, ndipo wina ali yense asaitenge m'bokosi popanda iwo. Chachitatu, tigule nsaru wamba yoyala patebulo, kuti chifukwa chimene tinali nacho mwezi watha chisadzapezekenso. Chachinai, Loweruka likudzali masana, anyamata ndi asungwana a Nthambi abwere kuti tidzaphunzitsane kumanga chingwe, kukweza, kutsitsa ndi kupinda. Tikufuna kuti pa 3 Malichi ndi pa 6 Julayi pasadzaonekenso cholakwa.

Tapemphanso gogo uja kuti tsiku limene mbendera yatsopano idzakwere koyamba adzabwere adzakhale kutsogolo, ndi kutiuza za bambo ao. Avomera. Inu amene muli ndi okalamba m'nyumba zanu amene anaona masiku amenewo, mudzabwere nao, ndipo mudzatengenso ana kuti adzamve okha.

A Pampando, mafumu, amai ndi abambo, mau athu athera pamenepa. Pamene talakwitsa mutikonze.